Akachisi a ku Osian ndi Maina Amene Adapatsidwa

Osian ndi tauni yaing'ono ya m'chipululu cha Thar, m'chigawo cha Rajasthan ku India, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 65 kumpoto kwa mzinda wa Jodhpur. M'menemo ndi m'mphepete mwake muli akachisi amiyala oposa 10, ena a Ahindu ena a Ajaini, amene adamangidwa kuyambira m'zaka za m'ma 700 kufikira m'zaka za m'ma 1100. Mabuku okopa alendo adaipatsa tauniyi dzina loti "Khajuraho wa ku Rajasthan," ndipo dzinali lidakakamira ngati chisoso pa chovala cha munthu wodutsa m'thengo. M'nkhani ino tiunika akachisiwa monga ntchito ya luso, koma tiunikanso maso amene olemba akhala akuwaonera, pakuti nyumba yamiyala siyankhula yokha. Wolemba ndiye amaiyankhulira, ndipo dzina limene iye waipatsa limauziratu mlendo choti ayang'ane ndi choti alambalale.

Dzina la Khajuraho n'losokeretsa m'njira ziwiri. Akachisi otchuka a ku Khajuraho, m'chigawo cha Madhya Pradesh, adamangidwa ndi mafumu a Chandela makamaka pakati pa 950 ndi 1050, pamene akachisi oyambirira a ku Osian adali ataima kale zaka pafupifupi 200. Kutcha wamkulu dzina la mng'ono wake n'kusokoneza mbumba. Chachiwiri, amalonda okopa alendo akatchula Khajuraho amafuna kuti munthu aganize za zosema za amuna ndi akazi ali m'chikondi, zimene zidatchukitsa malowo. Wopita ku Osian ndi chiyembekezo chimenecho amazungulira makoma akusakasaka zimene sadalonjezedwe ndi womanga, kenaka amabwerako ali wokhumudwa, atadutsa pakhomo losemedwa mwaluso osaliona n'komwe. Ngati pali pamene malo awiriwa afanana, ndi pakuti konsekonse akachisi a Ahindu ndi a Ajaini adamangidwa moyandikana, ndi manja ophunzira luso limodzi. Mfundo imeneyi, imene ili yoona, ndiyo satchula otsatsa malonda.

Tisanapite patali tiyenera kuima pa liwu limene tikugwiritsa ntchito. Mabaibulo a Chichewa adatenga liwu loti kachisi n'kuliveka nyumba yaikulu ya ku Yerusalemu, ndipo masiku ano ambiri akamva liwuli amaona tchalitchi, nyumba yosonkhanamo khamu. Koma kachisi wa makolo athu adali kanyumba kakang'ono ka mzimu, kosati n'kulowamo gulu, kumene munthu amafikako ndi nsembe n'kubwerera. Tanthauzo lakaleli ndilo likugwirizana bwino ndi zimene zili ku Osian. Mtima wa kachisi wa Chihindu ndi kachipinda kamdima, kofanana mbali zonse zinayi, kopanda zenera, kamene amakatcha garbhagriha, ndiye kuti chipinda cha mimba. M'menemo mumakhala mulungu mwini nyumba. Zina zonse, khonde, nsanamira, denga losongoka, n'zomangidwa pofuna kulemekeza kachipinda kameneka ndi kukaonetsa kutali. Wowerenga Chichewa amene akumbuka tanthauzo lakale la liwu lakeli ali pafupi kumvetsa nyumbazi kuposa mlendo amene akuziyeza ndi muyeso wa tchalitchi, n'kumadandaula kuti n'zopanikiza.

Oyenera kuyambira ndi akachisi atatu a m'mphepete mwa tauni amene akatswiri adawatcha Harihara woyamba, wachiwiri ndi wachitatu. Harihara ndi chifaniziro cha milungu iwiri m'thupi limodzi, mbali ina Vishnu, mbali ina Shiva. Maina amanambalawa ndi a akatswiri, si a omanga, ndipo adachokera pa chosema cha Harihara chimene chili pakhoma. Akachisiwa adamangidwa ndi mwala wamchenga wofiirira, pamwamba pa bwalo lokwezeka lamiyala limene munthu amakwerapo ndi makwerero. Awiri oyambawo adakonzedwa mwa dongosolo la panchayatana: kachisi wamkulu pakati, ndi tiakachisi tinayi m'ngodya za bwalolo. Bwaloli lili ndi ntchito yaikulu kuposa kungonyamula nyumba. M'dziko lamchenga, lotambalala, lopanda mitengo ikuluikulu, nyumba yaing'ono yomangidwa pansi ikadamira m'maso. Womanga adaikweza, ndipo pakuikweza adachititsa kuti kachisi wosatalika kwenikweni aoneke ngati kaphiri. Si mwangozi kuti denga losongoka la pamwamba pa kachipinda kaja amalitcha shikhara, liwu lotanthauza nsonga ya phiri.

Shikhara ya nthawi imeneyi ndi imodzi yokha, yokwera mokhotera m'kati pang'onopang'ono, yokutidwa ndi timazenera tabodza tolukanalukana ngati ukonde. Pamwamba pake pamakhala mwala wobulungira wa mizeremizere, wonga dzungu lophwatalala, wotchedwa amalaka, ndipo pamwamba pa umenewo pamakhala mtsuko. Amisiriwa sadadalire matope kuti agwire khoma. Adasema mwala uliwonse kuti ukhale bwino pa unzake, n'kusiya kulemera kwake kuti kumange nyumba. Sadapindenso miyala kukhala uta pamwamba pa khomo, koma adagoneka mitanda yamiyala pa nsanamira. Popeza mtanda wamwala ukatalika kwambiri umathyoka, nsanamira zidayenera kuchuluka ndi kuyandikana, ndipo kuchokera m'kuperewera kumeneku mudatuluka chinthu chokongola koposa ku Osian.

Nsanamira zambiri za kuno zili ndi chosema cha mtsuko wodzaza umene masamba akusefukira m'kamwa mwake n'kulendewera m'ngodya. Pa mphuthu za khomo la kachipinda, m'munsi, pamaima akazi awiri amene ali mitsinje iwiri yopatulika: Ganga ali pa chilombo cha m'madzi chonga ng'ona, Yamuna ali pa kamba. M'mbali mwa khomo mumakwera mizere ya mipesa ndi njoka zolukana, ndipo pamwamba pamandandalikana milungu ya dzuwa, mwezi ndi nyenyezi zoyenda. Tisanamizane kuti amisiri a ku Osian ndiwo adayambitsa zizindikiro zimenezi chifukwa cha ludzu la m'chipululu. Zidalipo kale kumpoto kwa India kuyambira nthawi ya mafumu a Gupta, ndipo zimapezekanso m'madera a mvula yambiri. Komabe chizindikiro chimalemera malinga ndi malo amene chaikidwa. Mtsuko wosefukira m'dziko limene mvula imagwa kwa masabata ochepa pa chaka, ndipo zaka zina osagwa, sunena zofanana ndi mtsuko womwewo m'mbali mwa mtsinje wa Ganga. Munthu amene wayenda masiku pa ngamira, pofika pakhomo pamene mitsinje iwiri yaima kumulandira, amawerenga mwalawo ndi kukhosi kouma. Ndipo anthu omwewo amene adasema madzi pamwala adakumbanso m'tauniyi chitsime chachikulu chamakwerero, chomangidwa ndi miyala m'nyengo yomweyo. Olemba ambiri amachitchula mongodutsa, kumapeto, ngati chinthu cha anthu otunga madzi osati cha anthu a luso. Kwa ine chitsimecho chiyenera kuwerengedwa pamodzi ndi akachisi, pakuti makwerero ake otsikira kumadzi ndi makwerero okwerera kwa mulungu adatuluka m'mutu umodzi.

Zosema za anthu ndi milungu pa akachisi oyambirirawa n'zojintcha, za mapewa obulungira ndi nkhope zodekha. M'mapanga a pakhoma muli Vishnu m'maonekedwe ake osiyanasiyana, monga Narasimha, munthu wa mutu wa mkango, ndi Trivikrama amene watukula mwendo kuti ayeze thambo. M'munsi mwa denga mumayenda mzere wopapatiza wa tizosema tofotokoza ubwana wa Krishna ndi kulimbana kwake ndi ziwanda zobwera m'thupi la nyama. Tizosemati n'tamoyo kuposa milungu ikuluikulu ya m'mapanga, mwina chifukwa pamenepa wosema adali ndi ufulu wosimba nkhani, pamene pa chifaniziro cha mulungu adamangidwa ndi malamulo a manja angati, chida chanji, kuima motani. Pali chilema chimene sitiyenera kubisa. Pa akachisi ena womanga adaopa khoma losalala ngati mlimi woopa kusiya mzere wosabzala, mwakuti diso limasowa popumira, ndipo chosema chabwino chimamizidwa ndi zokongoletsa zozungulira icho. Kachisi wa Surya, mulungu wa dzuwa, amene khonde lake laima pa nsanamira ziwiri zazitali za mizere yotsika, amakoma chifukwa pamenepo womanga adadziletsa. Olemba a nthawi ya atsamunda ankakonda kutamanda nsanamira zotere pozifanizira ndi za Agiriki ndi Aroma, ngati kuti chinthu cha ku India chimakhala chabwino pokhapokha chikakumbutsa Mzungu kwawo. Ife a kuno kummwera kwa Africa khalidwe limeneli timalidziwa: mu 1891 Theodore Bent adayang'ana makoma a Great Zimbabwe n'kuona manja a alendo, ndipo padatenga David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 kuti akatswiri avomere chimene miyalayo inkanena.

Nkhani ya maina ikufika pachimake tikafika pa kachisi wa Mahavira, amene akatswiri amamuwerenga kukhala wakale koposa mwa akachisi a Ajaini otsala kumadzulo kwa India. Mu 1876 James Fergusson, wa ku Scotland, adasindikiza mbiri yake ya zomangamanga za ku India, ndipo m'menemo adapatula gawo la mamangidwe a Chijaini, ngati kuti chipembedzo chilichonse chili ndi sompho wakewake. Ntchito ya Fergusson idali yaikulu ndipo ambiri adaphunzirapo, koma magawo akewo adatsata chizolowezi cha nthawi yake choika anthu a ku India m'makola a mtundu ndi chipembedzo. Osian amagwetsa khola limeneli popanda kukangana. Mtsuko wa masamba uja, kakonzedwe ka khomo, milungu yolondera mbali za dziko pa ngodya za khoma, zonsezi zili pa kachisi wa Mahavira monga momwe zilili pa akachisi a Harihara. Chosiyana ndi amene wakhala m'kachipinda: Mahavira, mphunzitsi wa 24 wa Ajaini, atakhala chopinda miyendo, manja ali pachifukato, opanda chida chilichonse. Katswiri wa ku Gujarat, M. A. Dhaky, ndiye adakonza zinthu pogawa akachisi a kumadzulo kwa India potsata dera ndi mbumba za amisiri. Mamangidwe akale a dziko la chipululu, monga a ku Osian, adawatcha Maha-Maru. A chakummwera, ku Gujarat, adawatcha Maha-Gurjara. Ndipo adaonetsa kuti chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1000 awiriwa adakwatirana n'kubala mamangidwe a Maru-Gurjara, amene timawaona pa kachisi wa dzuwa wa ku Modhera ndi pa kachisi wa Vimala Vasahi pa phiri la Abu, wa mu 1031. Maina a Dhaky nawonso ndi opeka a katswiri, koma amaloza kumene dzanja lidachokera, ndipo munthu akawatenga n'kupita nawo pakhoma amaona zambiri kuposa zimene ankaona kale. Umenewo ndiwo muyeso wa dzina labwino m'ntchito younika.

Zaka za kachisi wa Mahavira timazidziwira pa mawu olembedwa pamwala mu 956, amene amatchula mfumu Vatsaraja ya banja la Pratihara, yolamulira chakumapeto kwa zaka za m'ma 700. Chimene mawuwo amatithandiza kudziwa n'chakuti kachisiyu adalipo m'masiku a mfumuyo, ndi kuti munthu wina dzina lake Jindaka adakonzetsa ntchito pamalopo patapita zaka zoposa 150. Mabuku a alendo amafupikitsa nkhaniyi n'kunena kuti Vatsaraja adamanga kachisi, popeza mbiri yokoma kugulitsa ndi ya mafumu. Koma Osian, amene kale ankatchedwa Upakesha, adali tauni ya amalonda pa njira za ngamira zodutsa chipululu, ndipo kachisi wa Ajaini adakula ndi chuma cha opembedza, mbadwo ndi mbadwo. Shikhara yake yoyamba idachotsedwa n'kumangidwa ina m'zaka za m'ma 1000, m'mamangidwe atsopano a nsonga zambiri zounjikana. M'nyengo yomweyo adaonjezera chipata chosemedwa ndi tiakachisi tina m'mbali mwa bwalo. Motero thupi la nyumbayi ndi la nthawi ina, mutu ndi wa nthawi ina, ndipo wokonda zinthu zosasakaniza amaona msoko pakhosi. Msokowo ulipodi. Shikhara yatsopanoyo ndi yothwanima, yotanganidwa, ndipo siyankhula chilankhulo chodekha cha makoma a pansi pake. Koma ikadapanda kuikidwa, n'kutheka kuti lero tikadakhala tikuyang'ana kachipinda kopanda denga kodzaza mchenga.

Apa ndi pamene pali mlandu weniweni, ndipo umaoneka bwino pa kaphiri ka pakati pa tauni, pamene pali kachisi wa Sachiya Mata. Nyumba yaikulu imene ilipo lero ndi ya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100, ngakhale kuti paphiripo pali zotsala za m'zaka za m'ma 700. Chifaniziro cha m'kati ndi cha mulungu wamkazi akupha chiwanda cha njati, chifaniziro cha mwazi ndi mkondo. Komabe mwa amene amakwera phirili ndi ana awo kukameta tsitsi loyamba, kapena ndi mkwatibwi kukamuonetsa, muli Ajaini a fuko la Oswal, anthu amene chipembedzo chawo chimaletsa kupha ngakhale kachirombo. Mwambo wawo umasimba kuti mphunzitsi Ratnaprabha Suri adatembenuza mfumu ya tauniyi ndi anthu ake kukhala Ajaini patapita zaka 70 Mahavira atamwalira, ndi kuti adatembenuzanso mulungu wamkazi Chamunda, amene adaleka nsembe zanyama n'kuyamba kulandira zotsekemera, natenga dzina latsopano. Akatswiri a mbiri amaika chiyambi cha fukoli m'zaka zapambuyo kwambiri, koma nthanoyi imagwira ntchito imene chaka cholondola sichingagwire. Kwa Ajaini, Mahavira adamasuka ku dziko lino ndipo sayankha pempho la mwana, la malonda kapena la matenda. Zimenezo munthu amapita nazo kwa mayi wa paphiri. Akachisi awiriwa, wa m'munsi ndi wa pamwamba, amagawana moyo wa munthu mmodzi, ndipo wolemba amene amaika wina m'mutu wa Chihindu, wina m'mutu wa Chijaini, amadula pakati chinthu chimene eni ake amachiyenda tsiku limodzi.

Kachisi wa paphiriyu ngwamoyo, ndipo moyo wake sukondweretsa wokonda zakale. Makwerero aatali okwerera kumeneko adakutidwa ndi mndandanda wa zipata zamakono, m'kati muli zonyezimira ndi utoto, ndipo pa chikondwerero cha Navaratri khamu limadzaza osasiya malo oti munthu aime n'kuyeza mwala. Pamene D. R. Bhandarkar adalemba za akachisi a Osian mu lipoti la bungwe la Archaeological Survey of India la 1908–09, tauniyi idali itazilala, amalonda ake atabalalika kalekale. Maphunziro a zakale amene adakula m'zaka zimenezo adakonda bwinja, ndipo buku la malangizo la John Marshall la mu 1923 lidakhazikitsa mfundo yoti chakale chisungidwe monga chapezekera, osachikonzanso kuti chioneke chatsopano. Mwambo wa eni akachisi uli ndi liwu lina, jirnoddhara, kuutsa chimene chakalamba, ndipo umati kukonzanso kachisi ndi ntchito yobweretsa madalitso. Mfundo ziwirizi sizingakhale pa mpando umodzi. Buku la Lawrence Babb, John Cort ndi Michael Meister lotchedwa Desert Temples, la mu 2008, lidachita bwino pofunsa funso limene akatswiri akale ankalizemba, loti n'chifukwa chiyani akachisi ena amakhalabe ndi anthu pamene anzawo adasanduka mabwinja, ndipo lidafufuza yankho mwa mafuko ndi mabanja amene amatenga kachisi kukhala wawo.

Pa mkangano umenewu ine ndili kumbali ya kachisi wamoyo, koma osati ndi miyendo yonse iwiri. Amene amadziwa za kachisi wa Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, amene amamangidwanso ndi mitengo ndi udzu akakalamba, sangavomere kuti kukonzanso kumapha choonadi cha malo opatulika. Kumeneko kumanganso ndiko mwambo weniweniwo, ndipo chikalata cha ku Nara cha mu 1994 chidavomereza kuti choonadi cha chinthu chakale chiyenera kuyezedwa potsata chikhalidwe cha eni ake. Koma udzu ndi mwala wosemedwa n'zosiyana. Udzu wa chaka chino ndi wofanana ndi wa chaka chatha, pamene nkhope yosemedwa ndi dzanja la m'zaka za m'ma 700 ilibe inzake. Ikakutidwa ndi simenti kapena kupalidwa kuti iwale, palibe wopereka ndalama amene angaibweze. Amene adaika shikhara yatsopano pa kachisi wa Mahavira adasiya makoma akale ali chilili, ndipo chifukwa cha kudziletsa kumeneko lero titha kuwerenga mibadwo iwiri pa nyumba imodzi. Wokonzanso wa masiku ano ali ndi makina ndi ndalama zimene akale adalibe, motero angathe kufafaniza m'mwezi umodzi zimene mchenga udalephera m'zaka 1,000. Akachisi a Harihara, amene opembedza adawasiya, adasunga zosema zawo chifukwa chosowa wowakonda, ndipo imeneyi ndi mfundo yowawa kwa ife amene timatamanda moyo.

Dzina la tauniyi lidayenda kutali kuposa ngamira zake. Ena mwa a fuko la Oswal adasamukira ku Gujarat, ndipo kuchokera kudera la Jamnagar zidzukulu zawo zidawoloka nyanja kudzachita malonda ku Kenya, kumene amadziwika kuti Oshwal. Kachisi wawo wa ku Mombasa adatsegulidwa mu 1963, ndipo amene adapitirira ku Britain adamanga wina pafupi ndi Potters Bar mu 2005. Akachisi atsopanowa amatsata mamangidwe a Maru-Gurjara, a nsonga zounjikana ndi zosema zothwanima, amene Ajaini adawatenga kukhala nkhope ya chipembedzo chawo kulikonse kumene apita. Chimene Fergusson adachitcha molakwa mamangidwe a Chijaini, eni ake adadzachisandutsa choona patapita zaka. Mamangidwe akale a Maha-Maru, a shikhara imodzi ndi milungu ya mapewa obulungira, sadawoloke nawo nyanja. Adatsala pa mabwalo okwezeka a m'mphepete mwa Osian, pamene mabasi a opita kwa mayi wa paphiri amadutsa osaima.